Mapaketi a Mowa Pakhonde la Mayi

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi paketi ya mowa wamasese, yodulidwa kukamwa, yodzaza dothi lakuda. Ndinali mu Sitandade 4, matipate atangolowa kumene. Aphunzitsi athu anatituma kukatola mapaketi otere kuseri kwa mabala a pa Boma kuti tifesemo mitengo yokabzala kuphiri, poti machubu apulasitiki sukulu inalibe.

Phirilo linali litayera ngati mutu wometa mpala. Anthu ankati ufulu wafika, ndipo nkhwangwa zinkalira tsiku lonse. Amalume anga, omwe ankawamba nsomba, anali m'gulu lomwelo la odula mitengo. Lero sindiwaweruza, nsomba sidikira, imaola. Koma dzinja la chaka chathacho mtsinje unatsika ndi mchenga wofiira n'kukwirira mpunga wa mayi kudambo. Ndinawaona ataima m'mundamo, dzanja lili pakamwa.

Nditafika ndi mapaketi anga, fungo lowawasa linanditsogolera pakhomo. Kwathu ndife Asilamu. "Haramu pakhonde panga?" anatero mayi, akuloza kudzala. Ndinalira kwambiri. Amalume anatola mapaketiwo, anakawakwecha ndi mchenga kunyanja, n'kuwandandalika pakhonde pomwepo. "Achemwali, mowa watuluka, mulowa mtengo. Nayonso paketi imalapa." Mayi anayesa kukwiya, koma phwete linawapulumuka.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unali kuthirira, m'mawa ndisanapite kusukulu ndi madzulo pochokera kumadrasa. Mthethe unamera msanga, timasamba take tonga nthenga. Mbawa inandizunza. Ndinkafukula ndi chala kuti ndione ngati ili moyo, mpaka tsiku lina inatukula mutu, yofiirira ngati khanda. Ndinavina ndekha pabwalo. Mbuzi zitadya mbande zina, ndinapeza mpanda wabango utamangidwa, ndipo m'mawa wina ndinawagwira mayi akuthiramo madzi otsukira mpunga. Anati ankangotaya.

Tinakabzala mu Januwale, mvula ikuwaza. Tinakwera mondondozana, mabeseni a mbande ali pamutu, matope ofiira akutuluka pakati pa zala zakuphazi. Aphunzitsi analetsa nyimbo zachipani, ndiye tinangosintha mawu n'kuikamo mayina a mitengo. Amayi ovala nsalu za zipani zodana, amene sankapatsana moni kumsika, ankalandirana khasu limodzi. "Phiri ndi denga la mudzi," ankatero aphunzitsi, malaya atamatirira kumsana. "Likadontha, tonse tinyowa." Ife tinkangoseka nsapato zawo zomwe zinkatsalira m'matope.

Amalume ankakumba maenje pafupi ndi zitsa. Chitsa chilichonse ankachidziwa. "Uwu unali muwanga," ankatero, akuchisisita, "unandithyolera mpini." Masana tinakhala pathanthwe n'kumadya mango ndi chinangwa chophika. Kumunsi ndinaona nyanja yonse, madenga a mizikiti, ndi dambo la mayi laling'ono ngati mkeka. Sindinakondwepo chotero.

Sindinganame kuti mitengo yonse inakula. Moto wa osaka mbewa unatentha yambiri, ina chiswe chinadya. Koma yotsalayo inagwira nthaka, ndipo ndili kusekondale mayi anayambanso kukolola mpunga kumene kunali mchenga.

Tsiku lobzalalo, mbawa yanga ndinaisunga mpaka pomaliza. Amalume anaiika m'dzenje, ine ndinapondaponda dothi ndi chidendene. Anandiuza kuti mbawa imatulutsa bwato bolimba, ndiye ndinafunsa ngati tidzaseme chaka chamawa. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Bwato bwa mtengo uwu, mphwanga, adzapalasa ndi munthu amene sadzamva n'komwe dzina langa."

Ndinatsika phiri nditatupa masaya. Ndinkaganiza kuti mtengo wanga aulonjeza kale kwa mwana wa eni. Sindinkamvetsa chimene chinkawasangalatsa chotero munthu wamkulu, wonyowa, wamatuza m'manja, pogwirira ntchito mlendo amene sadzakumana naye.