Ndere m'Mwendo wa Malume

Malume anga ankadana ndi ndere ngati zinawalanda mkazi. Ntchito yawo inali yotsuka matanki a madzi pamwamba pa nyumba za eni. Ankalowa m'tanki ndi bulashi yawaya, n'kumakwecha makoma uku akuzitukwana zobiriwirazo ngati zimamva. Anzawo ankangowatchula a Kwechani.

Ndere zomwezo n'zimene zinawagwetsa. Tsiku lina anaponda poterera pamakwerero, n'kugwa, mwendo kuti thyo! Fupa linaphwanyika moti madokotala atachotsa zidutswa, panatsala mpata. Miyezi inadutsa fupa osalumikizana, ndipo nkhani yodula mwendo inayamba kumveka.

Kenako dokotala wina wamkazi anadzakhala pabedi pawo.

"Bambo, pali zinazake zimene tingaike mumpatamo. Fupa lanu limayanga pamenepo pang'onopang'ono mpaka mpata kutsekeka."

"Amapanga ndi chiyani?"

"Ndere za m'nyanja."

Ine ndinaphulika ndi phwete. Malume sanaseke.

"Ndere? Zaka zonsezi ndikuzichotsa m'matanki a anthu, lero muzilowetse m'thupi mwanga? Zikaola mmenemo. Ndimazidziwa ine!"

Dokotala anafotokoza kuti si za m'tanki zija, komanso amaziyeretsa mpaka kubiriwira konse kutha. Malume anangotembenukira kukhoma. Apo phwete linandithera, ndinachita mantha, chifukwa makani a munthu ameneyu ndimawadziwa. Akanalola kutaya mwendo kusiyana n'kugonja.

Akazi awo, amene nthawi yonseyi ankangopinda zovala phee, ndi amene anayankhula.

"Abambo ake, inu nomwe mumadandaula kuti ndere zikagwira sizisiya. Mukwecha lero, mwezi wamawa zabwerera. Nanga fupa lanuli likusowa chiyani? Si chinthu chogwira osasiya?"

Kenako malume, nkhope ili kukhoma komweko, anati, "Zinandigwetsa n'zomwezo. Zindidzutse."

Lero amayenda, motsimphina pang'ono koma ndi miyendo iwiri. Pamwamba sakweranso, amangotsuka matanki apansi, ndipo m'kati mwake amakwecha mpaka mbee, poti madzi akumwa sachita nawo masewera. Kutukwana kokha n'kumene anasiya.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli mpopi wodontha, ndipo pakhoma pansi pake pamera ndere zochepa ngati chikhatho. Tsiku lina ndinatola bulashi kuti ndiwathandize.

"Iwe, zisiye izo," anatero. "Mwendo ndaimirawu si wanga ndekha."