Kamera ya a Banda inafika kwa mayi anga kudzera mwa ine

Inu bambo wa jekete lachikopa amene mumagulitsa mafoni ndi makamera akale pa mashopu a ku Mufakose, mayi anga sakudya chifukwa cha inu. Ndakwiya, ndipo ndili ndi mantha.

Mayi anga aang'ono abwera kuchokera ku Dedza kudzaona mkulu wawo kuno ku Glen Norah. Onse ndi okalamba, ndipo akudziwa kuti mwina uku n'kuonana komaliza. Mayi anati sakufuna chithunzi cha pafoni, chimapita ndi wakuba mu kombi, minibasi za kuno. Akufuna chapepala, chokhala ndi negetivu yake, ngati zija zili pakhoma. Ine ndimajambula maukwati, ndiye ndinati nkhani yaing'ono, ndipeza kamera yakale ya filimu yaikulu ija ya 120.

Loweruka m'mawa ndinaipeza kwa mkulu wa jekete lachikopayu. Yopinda, ya chikopa cha kutsogolo chonga mvukuto. Madola makumi asanu ndi atatu. Sindine mwana pa zinthu izi. Ndinasuzumira pakazenera koyang'anira, ndikupotokola lenzi mpaka zithunzi ziwiri za mtengo wa magetsi zinakumana n'kukhala chimodzi. Ndinaunika lenzi ndi tochi ya foni, munalibe nguwi. Ndinaiphimba ndi chipewa n'kudina, shata inalira bwinobwino.

Kenako ndinati nditsegule kumbuyo ndione ngati chikopa chili ndi tizibowo. Mkuluyu anandigwira dzanja. Akuti muli filimu, ndikatsegula ndiononga, ndipo filimuyo ndi basela. Wogulitsa wa pa Mufakose kupereka basela osapemphedwa? Pamenepo mpamene ndikadathawa. Ndinayang'ana kazenera kofiira ka kumbuyo, panali nambala 8. Ndinafunsa kuti mwini wake anali ndani. Akuti mzungu wina wa kumayadi amene anapita kunja. Mzungu wake uti womanga lamba wa kamera ndi mphira wa chubu cha njinga?

Madzulo ndinatulutsa mipando iwiri pakhonde. Mayi anavala duku lawo la kumpingo, ang'ono awo anakhala pambali. Nditangotambasula kamera ija, mayi anasiya kumwetulira.

"Iwe, waitenga kuti imeneyo?"

"Ndagula, mayi."

"Lamba ameneyo ndikumudziwa. Ndi ya a Banda ajambuli."

A Banda anali mkulu wa kwathu ku Malawi amene ankazungulira pa njinga n'kumajambula anthu m'makomo. Atakalamba ankangojambula okalamba anzawo a sosaite yathu ya maliro, zithunzi zimene amaika pabokosi tsiku likafika. Anamwalira mwezi watha. Mayi anati katundu wawo sanagawidwe, sanawazidwe mankhwala n'komwe, chifukwa akudikira mbale wawo wochokera kumudzi. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti chinthu cha malemu sichituluka m'nyumba mwambo usanachitike.

Mayi anandifunsa kuti filimu ili pa nambala yanji. Ndinawauza. Anayamba kutchula maina a anzawo amene a Banda anali atawajambula kale, akupinda zala. Anakwana asanu ndi awiri.

"Anati Lachisanu abwera kwa ine," anatero mayi. "Anagwa Lachinayi. Ndinkati ndapulumuka, koma taona, yabwera yokha. Ndipo wainyamula ndiwe, mwana wanga."

Analowa m'chipinda n'kugona choyang'ana kukhoma. Mayi aang'ono anavula duku lawo.

Lolemba ndinabwerera ku Mufakose. Mkuluyu anandiona ndili patali, n'kuyamba kutanganidwa ndi foni yozima. Nditamufotokozera anaseka. "Hatidzosi mari, mudhara," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti ndalama sabweza. Ndinati za ndalama zisiyeni, mundiuze amene anabweretsa. Akuti makasitomala ake saulula. Kenako pakamwa panaterereka, akuti mdzukulu wa malemuyo ankafuna ndalama mwachangu, ndiye iye akanatani. Mzungu uja wasanduka mdzukulu wa a Banda? Ndiye kuti munkadziwa. Munkadziwa pamene munkandigwira dzanja, munkadziwa pamene munkati basela. Anandiuzanso kuti kamera ikugwira ntchito, zamizimu si dipatimenti yake.

Ine ndine wa mpingo, zambiri sindizikhulupirira. Koma mayi anga akukhulupirira, ndipo amene akuonda ndi iwo. Kamera ndaiika kunja, m'khola lakale la nkhuku, yokulunga m'thumba. Kwa mkazi wamasiye wa a Banda sindingangofika nayo ngati ndabweretsa tomato. Akandifunsa kuti yatuluka bwanji m'nyumba mwawo, ndiloza ndani? Adzukulu alipo ambiri, ndipo ndikalakwitsa ndayatsa moto pa banja lolira.

Tsono bambo wa jekete, ndikufuna dzina la mdzukuluyo, ndipo mupite nane limodzi mukanene nokha. Enanu, mukagula chakale m'mashopu athuwa, musamangoona lenzi. Funsani mwini wake ali kuti, ndipo akakukanizani kutsegula, bwezani pomwepo.

Mayi aang'ono akwera basi ya ku Malawi Lamlungu. Ndapempha kuti ndiwajambule awiriwa ngakhale ndi foni. Mayi akana. Akuti aliyense amene awajambule tsopano, chithunzicho ndi cha nambala 8.