Galu wa apongozi

Ndimagwira ntchito ya zaumoyo wa ziweto kuno ku Lichinga, ndipo abale anga anaiwala kalekale kuti nanenso ndimatopa. Ndikafika pa ukwati, ndisanakhale n'komwe, wina wandionetsa kale diso la mphaka wake pa foni. Pa maliro anthu akuimba, alamu anga ali pakhutu langa ndi nkhani ya nkhupakupa. Ndimayankha mwachidule maso ali kunjira. Zimandikwana, kunena zoona.

Amene sanandifunsepo kanthu ndi apongozi anga okha, mayi a mkazi wanga, a ku Lulimile. Kwathu mkamwini salankhulana ndi apongozi maso ndi maso. Tikakumana panjira iwo amapatuka, ine n'kuyang'ana pansi.

Anali ndi galu wokalamba amene anasiya malemu amuna awo. Kuzizira kwa mu Juni kutafika m'mafupa, galuyo analeka kudya. Uthenga unkadzera mwa mkazi wanga. Lero akuti akutsokomola, mawa akuti ayi, akusanza. Ndinkangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Galu wosamuona ungamupatse mankhwala anji? Nditalephera kupirira ndinakwera mota, njinga yanga yamoto, kupita kwa apongozi, mkazi wanga ali kuntchito.

Ndinapeza galu ali pa chiguduli pakhonde, atamufunditsa kapulana, chitenje cha apongozi. Eni ake anali kuseri kwa chitseko. Ndinagwada n'kumugwira pamimba, ndipo ndinamva chotupa cholimba ngati mbatata. Wonyamula mawu panalibe.

Kenako ndinamva apongozi akulankhula ndi galuyo. "Iwe, uwauze adotolo kuti usiku umabuula."

Nanenso ndinayang'ana galu. "Uwauze amayi kuti matendawa ndi aakulu. Ululu ndichepetsa, koma kuchira ayi."

Mawu anatulukanso kuseri kwa chitseko. "Uwafunse adotolo ngati adya kale."

Ine wothawa abale uja, ndinayamba kupitako madzulo alionse. Kudzera mwa galuyo ndinamva za ku Malawi kumene anathawira nkhondo, za amuna awo, ndiponso kuti ndawonda chifukwa mwana wawo ndi waulesi kukhitchini.

Galu anafa m'mawa wina. Ndinamukwirira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi. Nditasamba m'manja ndinaima pakhonde, chiguduli chili pomwepo. Ndinkamva apongozi akupuma kuseri kwa chitseko. Ndinali ndi zambiri zoti ndiwauze, koma wonyamula mawu panalibenso. Ndinaima, ndinaima, kenako ndinakaliza mota.