Kamvuluvulu ndi Seva ya pa Depoti

Inu amene mtima wagwa, imani kaye pang'ono, mumve za mtsikana wina amene kwawo ankamutcha Kamvuluvulu.

Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, aphunzitsi anangomuyang'ana n'kupukusa mutu. Kanali kachiwiri kulephera. Mayi ake anali atamwalira chaka chomwecho, bambo sanawaonepo n'komwe, ndipo malo ake ogona anali kachipinda kosungiramo katundu kunyumba kwa achemwali ake, pakati pa njinga yakutha ndi makatoni.

Alamu ake sanali munthu wankhanza, koma nyumba inali yaing'ono ndipo munali khanda.

"Mlamu," anatero tsiku lina akukanda m'mutu, "mwanayu akasiya kuyamwa adzafuna chipindacho. Uyambe kuganiza kolowera."

Kolowera kunalibe. Dzina lija anampatsa chifukwa ankadya choimirira, kuyankha funso lisanathe, ngakhale mayeso ankawalemba ngati akuthamangitsidwa. Koma tsopano mtsikana amene ankafuna chilichonse chifulumire anayamba kupemphera kuti mwana wa achemwali ake asafulumire kukula.

Anapeza ganyu yosesa pakampani ina yaing'ono ya zamakompyuta. Kumapeto kwa khonde kunali chipinda chozizira chomwe munali maseva, makompyuta akuluakulu osagona amene amasunga zonse za kampani. Atalowamo koyamba anaima ndi tsache m'manja. Timagetsi tobiriwira tinkaphethira ngati ziphaniphani, mafani akung'ung'udza nyimbo yawo. Ena amagwa m'chikondi ndi munthu. Iye anagwa m'chikondi ndi chipinda.

Mwini kampaniyo anali mayi wa magalasi, wosaseka wamba, amene aliyense ankangomutchula kuti Mayi Injiniya. Anampeza tsiku lina akuwerenga buku la maseva atatsamira tsache.

"Ukumva zimene ukuwerengazo?"

"Ayi, mayi. Koma zikukoma."

Mayiwo anampatsa laputopu yakale yosweka pakona. Kamvuluvulu ankasesa m'mawa, masana n'kumaphunzira. Anafunsa mafunso mpaka anyamata a muofesi ankathawira kuchimbudzi akamuona akubwera. Mwana wa achemwali ake uja anakwawa, anaimirira, anayamba kuyenda. Nayenso Kamvuluvulu anasiya tsache, Mayi Injiniya n'kumulemba ntchito yongomuyesa kaye.

Ndiye kunabwera ntchito yeniyeni. Kampani ina ya mabasi inali ndi seva yokalamba pa depoti, yosunga detabesi yawo, kutanthauza nkhokwe ya matikiti, mipando ndi maulendo onse. Ankafuna kusamutsira zonsezo ku klaudi.

"Kuli ngati kusamuka nyumba," Mayi Injiniya anamufotokozera. "Kutali uko kuli makompyuta aakulu, ndipo umabwerekamo chipinda chimene chimagwira ntchito ngati seva yakoyako. Ukabwereka chaching'ono, katundu sakwana. Ukabwereka chachikulu, umalipirira mphepo. Ndiye uyeze sevayo. Uone ngati ili yokonzeka kusamuka, undiuzenso kukula kwa chipinda. Ikayenda bwino, ntchito ndi yako mpaka kalekale. Ikakanika, ndilibe malo a anthu awiri osesa."

Kamvuluvulu anaika pulogalamu yoyezera, ndipo inayamba kujambula mmene sevayo inkagwirira ntchito: purosesa yomwe ndi ubongo wake, memori yokumbukira zinthu kwakanthawi, ndi disiki yosunga zolemba. Chojambulacho chinali chosalala ngati tebulo. Seva inkangowodzera tsiku lonse. Koma m'mawa uliwonse pankatuluka kanyanga kamodzi kosongoka, kowonda ngati singano.

"Aka n'kolakwika chabe," anadziuza. Anakanyalanyaza, natenga avereji, muyezo wapakatikati wa tsiku lonse, nasankha chipinda chaching'ono chotsika mtengo. Anamaliza msanga, nanyadira.

Tsiku loyesa linafika. Anakopera detabesi ku klaudi, makalaliki a pa depoti n'kuyamba kugulitsira matikiti kumeneko. Dzuwa lisanakwere, zonse zinauma gwa! Makompyuta ankangozungulitsa kagudumu. Mzere wa anthu unatuluka pakhomo mpaka kumsewu, ana akulira, madalaivala akuimba mahutala. Anabwerera msangamsanga ku seva yakale ija, koma manyazi anali atagwa kale.

Bwana wa mabasi anafika kwa Mayi Injiniya thukuta lili kamukamu.

"Mwanditumizira mwana adzaphunzirire kumeta pamutu panga? Ndikupatsani mwayi umodzi wokha. Zikabwerezanso, tisadzaonanenso."

Kamvuluvulu analira m'chipinda chozizira chija mpaka mphuno inatsekeka. Kenako anapukuta misozi, nathamangira kwa Mayi Injiniya.

"Mayi, ndapeza njira. Titenge chipinda chachikulu kuposa zonse. Sichingakanike."

"Mantha si muyezo, mwanawe," mayiwo anayankha osakweza mawu. "Bwana uja akaona mtengo wake adzatithamangitsa ndi tsache lako lomwe lija. Kompyuta sinakunamize. Inakuuza zoona, iwe unaidula pakamwa. Kanyanga kaja n'chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Safunsa anadya phula. Pita ukaone ndi maso."

Apa ndiye pamene mtsikanayu amandigometsa. Akanatha kubisala. Akanatha kunena kuti vuto ndi intaneti. Koma m'bandakucha wotsatira anali pa depoti pomwe anachititsidwa manyazi, atakhala pa benchi, laputopu pamiyendo.

Kalaliki wamkulu, mayi wonenepa wamawu ngati belu, anamuzindikira.

"Eee, si uyu anatiphera makina dzulo? Wabwera kudzamaliza maliro?"

"Ndabwera kudzapepesa, amayi. Ndiponso kudzaphunzira."

"Khala apo. Koma usakhudze kanthu, manja akowo ndi a tsoka."

Anakhala. Kwa munthu ngati iye, kukhala chete kunali kowawa kuposa kusenza matumba. Miyendo inkayabwa. Koma anakhala.

Kunja kutayamba kuyera, mabasi oyenda usiku anayamba kulowa motsatizana, ngati ng'ombe zobwerera kukhola. Makondakitala anatsika maso ali psuu, aliyense atanyamula kamakina kake kodulira matikiti panjira. Onse anathamangira pawindo limodzi, akukankhana, n'kulumikiza timakinato kuti tikhuthulire mu seva zonse za usiku wonse.

"Bwanji onse nthawi imodzi?" Kamvuluvulu anafunsa.

"Iwe, kondakitala saloledwa kupita kukagona asanakhuthule kamakina kake," anatero kalaliki uja. "Ndiye ukuganiza kuti alipo angadikire mnzake? Awa ngakhale kumwamba adzalowa mokankhana."

"Amayi, musatinyoze," anatero kondakitala wina akuyasamula. "Ife tagona choimirira. Inu mwagona pa matilesi."

Nthawi yomweyonso mawindo ena onse anali akugulitsa matikiti a mabasi a m'mawa. Kamvuluvulu anayang'ana pa laputopu. Kanyanga kaja kanali kakukwera pamaso pake. Sikanali kolakwika. Kanali anthu awa, otopa, ofuna kukagona.

Anayang'anitsitsa, ndipo anaona chinanso. Purosesa sinkavutika kwenikweni. Imene inkabanika inali disiki, chifukwa zolemba zonse zinkafuna kulowa pakhomo limodzi nthawi imodzi. Chipinda chachikulu chija sichikanathandiza ngati khomo lake likanakhala lopapatiza.

Sanathamange. Taganizani, Kamvuluvulu sanathamange! Anapempha bwana wa mabasi kuti amulole kuyeza mpaka tsiku lotsekera sukulu, pamene depoti imadzaza ndi ana ndi masutikesi. M'mawa uliwonse ankakhala pa benchi paja. Makondakitala anamuzolowera mpaka ankamusungira malo. Poyang'ana modekha anapezanso kuti pulogalamu ya detabesiyo inali yakale kwambiri, yofunika kuikonza kaye isanasamuke, chinthu chimene ulendo woyamba anachidumpha.

Kunyumba nako nthawi sinkadikira. Achemwali ake anali atayamba kumuletsa mwana bere, ndipo alamu anali atagula kale penti ya kachipinda kaja.

Sukulu zitatseka, anapita kwa Mayi Injiniya.

"Seva sinakonzeke, mayi. Tiyambe takonza pulogalamu yake yakale ija. Tikatero, chipinda chapakatikati chikwana, koma disiki ikhale yothamanga, ndipo tisiye mpata woti mabasi akadzachuluka tidzakuze."

"Ukutsimikiza?"

"Ndayezera pa ola loipitsitsa la tsiku loipitsitsa."

Mayiwo anavula magalasi, nayang'ana zojambula zija nthawi yaitali, nafunsa mafunso ovuta. Pamene Kamvuluvulu sankadziwa ankanena kuti sakudziwa, ndipo ankafufuzira limodzi.

M'mawa wosamuka, anakhala pa benchi paja. Mabasi analowa. Makondakitala anakankhana monga mwa masiku onse. Kanyanga kanakwera, kanakwera, kenako kanatsika bwinobwino. Mzere unkayenda. Mwana wina anadutsa ndi tikiti m'manja akudya nthochi, osadziwa kuti pachitika chilichonse.

"Kodi mwasamutsa kale?" anafunsa kalaliki wamkulu. "Ine ndimadikira kuti zife!"

Bwana wa mabasi anangogwedeza mutu n'kubwerera mu ofesi yake. Mayi Injiniya anamugwira Kamvuluvulu paphewa.

"Lolemba ubwere ndi chiphaso chako. Tikulembe ntchito yokhazikika."

Madzulo ake anapeza alamu ake ali pakhonde.

"Alamu, pentani chipinda chija. Mwezi ukatha ndikusamuka."

"Ukupita kuti?"

"Kwanga."

Achemwali ake anatuluka ndi mwana kumsana, namukumbatira, onse awiri akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Lero makampani amamuitana asanasamutse maseva awo, ndipo iye asanatsegule laputopu amayamba wakhala pansi ndi anthu ogwiritsa ntchito makinawo, n'kuwafunsa nthawi imene thukuta limatuluka.

Ndiye iwe mnzanga amene mayeso anakugwetsa, iwe amene unapatsidwa mwayi n'kuuwononga ndi manja ako anthu akuona: bwerera pomwe unagwerapo, khala pansi, uyang'anitsitse. Kugwa pagulu kumawawa, koma sikupha. Dzuka m'mawa, sasa fumbi, ukayesenso. Mtima wakowo usautaye, ukadali ndi ntchito.