Tsiku Limene Asekuru Anaimitsa Moto Chifukwa cha Kamba

Asekuru anga, bambo wa mayi anga, ndikawakumbukira m'mphuno mwangamu mumabwera fungo la udzu wouma umene ukungodikira moto, ndi la fodya wopera amene ankanunkhiza m'mawa uliwonse asanalankhule ndi munthu. Tinkakhala kuphiri cha ku Thazima, kumene Juni asanafike n'komwe mphepo ya ku Nyika imayamba kuluma makutu, madzi a mumtsuko n'kumazizira mpaka kuwawitsa mano.

Ndinali ndi zaka ngati khumi. M'mawa wina ndikutola nkhuni ndinapeza kamba, amene kuno timati fulu, wamkulu ngati mbale ya alendo. Ndinamusenza pamutu n'kuthamanga naye kumudzi ndikukuwa, pajatu ine mawu ndinabadwa nawo. Tsiku limenelo amuna anali atapangana zotentha tchire la kuphiriko kuti asake nyama, agalu ndi zibonga zili kale pabwalo.

Amalume a Yotamu atamuona anaomba m'manja. "Ndiwo zabwera zokha, moto tisanayatse!"

Aphunzitsi a Likoswe, mlendo wochokera ku Thyolo, anakana. "Ayi, tikamuike m'bokosi kusukulu, timufunditse thumba. Kunjaku afa ndi chisanu."

Asekuru anayetsemula fodya wawo, kenako n'kundiyang'ana ine. "Iwe, unamupeza pati? Mutu unaloza kuti?"

"Kumtunda, asekuru."

"Ndiye anali paulendo, iwe wamubweza. Aphunzitsi, yewo chomene, koma fulu sapempha bulangete. Ali ndi dzenje lake logonamo mpaka mvula. M'bokosi amafa akukanda."

Anandilondola ndi khasu paphewa mpaka pamene ndinamutola. Ndinamuika pansi, mutu kumtunda. Kamba uja zii m'chigoba mwake. Tinadikira. Posakhalitsa amuna aja anafika ndi zikuni zamoto, ndipo asekuru anangokhala pansi pakati pa udzuwo, miyendo tambalale.

"Adada, nyamukani," anatero amalume. "Masana mphepo ikatembenuka nyama zonse zithawa."

"Zithawe. Kapena yatsani, muwotche fulu ndi nkhalamba, ndiwo zichuluke."

"Mdalayu wapenga," wina anang'ung'udza kumbuyo.

"Ndakumva, mwana wa Nyirenda! Bambo ako ndinawanyamula kumsana atathyoka mwendo, sindinati apenga."

Anthu anaseka, koma zikuni sanazimitse. Kenako kamutu kaja kanatuluka, mwendo umodzi, wina, ulendo n'kuyambika. Abale anga, kuyenda kwake! Dzuwa linakwera mpaka paliwombo, agalu anagona, zikuni zinanyeka mpaka kutentha zala za eni ake. Ine kuleza mtima kunandithera. Kutsogolo kunali chulu chachikulu, ndiye ndinatambasula manja kuti ndingomunyamula ndikamutule pamenepo. Asekuru anandimenya padzanja, phaa!

"Khomo lake ukulidziwa iwe?"

Ndipotu sindinkalidziwa. Chulu chija kamba anachilambalala ngati sakuchiona, anatsikira m'kangalande, n'kulowa pansi pa mwala pamene ine ndikanadutsa kakhumi osaonapo dzenje. Asekuru anadzuka n'kuyamba kulambula udzu kuzungulira mwalawo, ine ndikukokera kutali. Ngakhale aphunzitsi anavula jekete n'kumazula ndi manja awo ofewawo. Titamaliza asekuru anaimirira pamwalapo.

"Tsopano yatsani!"

Moto unathamanga phiri lonse ukulira ngati mvula yamatalala padenga la malata, koma pofika pamene tinalambula paja unagawanika n'kupitirira. Mphepo inali itatembenukadi. Amuna onse aja ndi agalu awo anabwerera ndi mbewa zochepa, ndipo amalume anatha sabata osawapatsa moni asekuru. Asekuruwo analibe nazo ntchito. Tsikulo anatsika phiri chifuwa patsogolo, akuimba ngati apha njati, ine m'mbuyo ndi khasu ndikuvomereza nyimbo.

Lero nkhalamba ndine. Chaka chatha, chisanu chikuyamba, ndinapeza kamba akuwoloka msewu wa ku Thazima, galimoto yodzaza alendo opita ku Chelinda ikubwera ndi fumbi lake. Ndinaima pakati pa msewu, ndodo m'mwamba. Dalaivala analiza hutala mpaka kutopa.

"Madala, ingomuponyani kumbali uko!"

"Mwana wanga," ndinakuwa kuti ndi a kumbuyo omwe amve, "uyu msewuwu anaudziwa iwe usanabadwe. Zimitsa injini."

Anazimitsa. Ndipo sindinasunthe mpaka kamchira kake katalowa mu udzu.