Nsapato Zosaponda Msewu

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi wogulitsa maloko, pamakhala wosoka nsapato amene msewu wonse umamuitana kuti a Chidendene. Akhala pamenepo zaka khumi ndi zinayi, pa kampando ka miyendo itatu, timisomali pakamwa, nyundo pabondo. M'mawa uliwonse amayamba avula chipewa n'kupemphera asanamasule thumba la zida.

"Abusa, mwatipemphererako ife ochimwa?" amatero wa maloko.

"Inu ndinakusiyirani Mwini wake, ine munandikanika."

Chaka chatha mlongo wawo anamwalira n'kusiya ana atatu, bambo wa anawo atasowa kalekale. A Chidendene sanadikire kuti abale akhale pansi. Anawatenga onse kupita nawo kunyumba kwawo ya zipinda ziwiri, kumene kunali kale ana awo awiri. Pogona tebulo ankaliimika kukhoma kuti mphasa zikwane. Akazi awo ankagawa chakudya ali chiimire, eni ake n'kupala mumphika, n'kumati akhuta.

Kenako mvula inayamba, anthu n'kumavala nsapato za pulasitiki zosafuna wosoka. Masiku ena dzuwa linkalowa nyundo isanalire. Pemphero lija linayamba kufupika, ndipo mumtima ankafunsa funso limene pakamwa ankaliopa: kodi Mulungu akuona?

Ndi pamene panaima galimoto ya mayi wina, kasitomala wakale.

"Ndamva za katundu mwasenzayu," anatero. "Wamkuluyo, mtsikanayo, ndipatseni ine. Azigona pabedi, sukulu ndimulipirira. Ndili naye kale wina, wa msuweni wanga, akuphunzira bwinobwino."

A Chidendene atafika kunyumba anawafotokozera akazi awo.

"Mukundifunsa, bambo, kapena mwamaliza kale?"

"Mwina ndi khomo limene Mulungu watsegula."

"Mwina. Koma nkhope yanuyo si ya munthu woyankhidwa."

Komabe akaziwo anapinda zovala za mwanayo, n'kuziika m'jumbo.

Lachisanu m'mawa mtsikanayo, wa zaka khumi ndi chimodzi, anakhala pakhonde paja pambali pa malume ake, jumbo pamiyendo, osalira. Mayi uja anatsika m'galimoto ndi nsapato ziwiriziwiri.

"Mapatapatawa ndi a mtsikana wanga uja, aduka, muwasoke. Zakusukuluzi zamuchepera chaka chisanathe. Zipakeni polishi, azivala wanuyu."

A Chidendene sayang'ana nsapato pamwamba, amayamba kuitembenuza. Mapatapata aja anali odyeka ndi sopo, ofiira ndi polishi wapansi, kuphazi atabooka ndi khala la moto. Anatembenuza zakusukulu. Soli yake inali yonse, mizere yake yakuthwa ngati yatuluka m'sitolo dzulo. Analowetsa dzanja kuchala, n'kutulutsa pepala lofinyafinya limene ogulitsa amaikamo.

Analavulira timisomali m'dzanja.

"Mayi, ana asukulu ndi amene amandidyetsa ine. Miyezi itatu, chidendene chatha. Izi sizinapondepo msewu."

"Amapita pa galimoto."

"Ndi pepala kuchala?"

Wa maloko anatsokomola mwadala. Nkhope ya mayi uja inada.

"Ine ndimati ndikuthandizeni. Ana asanu! Muziwadyetsa misomali?"

Funsolo linawalasa. Sabata yonseyo anali atasoka nsapato zitatu zokha, ndipo kunyumba m'thumba munatsala ufa woti n'kuphika kamodzi. Akanangotseka maso, pakamwa pamodzi pakanachepa tsiku lomwelo. Anayang'ana mwana wa mlongo wawo, mmene anagwirira jumbo lija ndi manja onse awiri. Magazi awo enieni, akakolope m'nyumba ya eni?

"Chimene adye mawa sindikuchidziwa," anatero. "Koma amene anandipatsa anawa sanandipatse kuti ndiziwagawa. Akudziwa kuti alipo asanu, amatha kuwerenga. Mwanayu sapita."

Anatenga singano ndi ulusi wolimba kuposa wonse, n'kusoka mapatapata aja kawirikawiri, mayiyo ataima pomwepo akuguguda phazi. Powapereka anati, "Awa musalipire. Koma mwana wa msuweni wanuyo amayi ake ndiwafunafuna mpaka ndiwapeze."

Chitseko cha galimoto chinamenyedwa mwamphamvu, ndipo kasitomala ameneyo sanabwerenso.

Musaganize kuti kumwamba kunatseguka tsiku lomwelo. Madzulo ake anadya kochepa komweko. Koma sabata yotsatira a Chidendene anapachika maambulera othyoka pakhoma n'kuyamba kuphunzira kuwakonza, zala zikubooka ndi mawaya, poti mvula yomwe inawalanda nsapato inali kuthyola maambulera a msewu wonse. Mpaka lero ana asanu aja ali pakhomo pamodzi, ndipo palibe anagonapo kwa eni.

Mtsikana uja amakumbukira chinthu chimodzi cha m'mawa umenewo. Galimoto itachoka anafunsa chapansipansi, "Malume, ndibwerere kunyumba?"

"Kunyumba ukatani nthawi ino? Siya jumbolo apa. Thamanga, kusukulu sanaweruke."