Ketulo ya Abiti Juma

Ndikakumbukira Abiti Juma, ndimamva fungo la sopo ndi utsi wa milamba imene ankawamba kuseri kwa nyumba yawo, yoyandikana ndi yathu ku Mtakataka. Iwo anali Asilamu, ife Akatolika. Asanaswali ankakhala pamwala n'kumatsuka mapazi, chala ndi chala, ine ndikuwathirira madzi a m'ketulo.

Ndinapezeka ndi matenda a shuga ndili wamng'ono, ndipo amayi ankandibaya jakisoni tsiku lililonse. Tsiku lina ndikuingitsa mbalame kumunda wa mpunga, chisonga chinandilasa kuphazi. Mabala a anzanga ankapola okha, koma langa linatupa n'kuyamba kutuluka mafinya. Azakhali anaikapo masamba osinja n'kumanga kansalu.

Ndikuthira madzi monga mwa masiku onse, Abiti anakwinya mphuno.

"Iwe Marita, chikununkhachi si nsomba zanga ayi. Tamasula."

Ataona chilondacho, anakuwira amayi. Amayi anati tidikire abambo abwere kuchokera kunyanja.

"Amake Marita, bambowo akubwera ndi usipa, osati ndi mwendo wina. Tiyeni!"

Njinga ya abambo inalipo, koma Abiti sankadziwa kupalasa. Anandikhazika pakaliyala n'kuikankha dzuwa likuswa mtengo mpaka kuchipatala cha ku Mua, amayi akundigwirira kumbuyo. Milamba yonse ya Abiti inapserera pamoto.

Anamwino anatiuza kuti shuga ikakwera, thupi limafooka polimbana ndi tizilombo, choncho kabala kakang'ono kamakula msanga. Adokotala anati kutupako kukakwera mpaka m'bondo, mwendo udulidwa. Anatsuka chilonda, n'kundipatsa mankhwala. Abiti ankabwera m'mawa uliwonse kudzayeza katumba wanga ndi kachingwe ka mlaza. Tsiku limene kachingweko kanakhwepa, anaimba nthungululu mpaka odwala ena anadzuka kudzaona.

Nditatuluka, anandiikira lamulo. "Kuswali suswali nafe, koma mapazi uzitsuka nafe. Uziyang'ana ndi pakati pa zala pomwe."

Abiti anatisiya kalekale. Chaka chatha ndinaikanso amuna anga m'manda, ndipo achibale ankanong'onezana kuti wodwala shuga sangathe munda wa mpunga yekha. Ndinavala majombo, n'kulowa m'matope. Ndinawokera, ndinapalira, ndinakolola, ndipo matumba ali m'nyumba.

Madzulo ndimakhala pamwala ndi ketulo yanga, mwana wanga wamkazi akundithirira madzi. Ndimayang'ana chala ndi chala. Zonse zilipo.